Riboni Inadulidwa na Mdzukulu Wanga

Moni Abusa, moni azimai na azibambo, abale anga mwa Ambuye. Nifuna kuchitira umboni, koma munikhululukire, mtima wanga ukali kunyansidwa.

Mumudziwa Tisa, mwana wanga, uja akhala kumbuyo uko. Mimba yake yoyamba ninamupeleka ine ku kiliniki yathu. Abale, vamene ninaona! Bedi imodzi chabe, ili na munthu kale. Manzi kulibe. Mzimai aliyense abwere na baketi yake. Kuseri kwa katani azibambo alasiwa nyeleti za mankhwala, kuno mwana wanga abuula pansi pa chitenge. Ba nasi anali yekha, thukuta kamukamu, akuti yembekezani. Tinayembekeza. Mwana anabadwa osalira. Potuluka napeza galu akoka votsalira va uchembere pa dzenje losavundikira. Va mwana wanga, abale! Ninasanza pamenepo.

Tisa analumbira kuti akakatenga ina mimba azabalira ku nyumba, olo afe. Ndipo anatengadi ina. Ine tulo tinatha.

Ninayamba kuyenda khomo na khomo, kuuza azimai kuti tikapemphe wodi yobaliramo. Ena a inu munaniseka, ati amake Tisa afuna ukhansala. Sininene maina, tili mu chechi. Koma azimai ananimvera. Tinakwera minibasi kupita ku Chongwe, aliyense na baketi yake ija yobalira, tinaandanda pakhomo pa ofesi ya boma. Bwana wina anatuluka, afinya mphuno, akuti yembekezani, nkhani yanu tiiona. Ninamuyankha kuti, "Bwana, ise ndise oyembekezera. Kuyembekeza ndiye nchito yathu. Tikhala pano." Tinakhala, tiimba nyimbo za chechi. Tinabwerera futi, na futi, mpaka anatopa nase. Anakumba manzi, anamanga wodi, anaika mabedi. Nenani ameni!

Manje mverani chonyansa. Wodi yatha, penti yauma, mabedi akali mu mapulasitiki, koma pa chitseko loko. Ati tiyembekeza akulu-akulu abwere kudula riboni. Mwezi wapita, riboni. Wina wapita, riboni. Azimai akali kubalira pansi, apenya mabedi pa windo.

Tsiku la Tisa linafika masana, tili ku munda. Anakana kupita ku kiliniki. Ninamugwadira mwana wanga wobala nekha, ninamulonjeza kuti sazagona pansi futi. Tinafika kuja titakwera ngolo ya ng'ombe, nipeza loko ija ikali pamenepo. Ba nasi akuti makiyi ali nawo, koma anauzidwa kuti asatsegule, angachotsedwe nchito. Tisa wagwira khoma, manzi ayamba kutsika.

Sininakuwe. Ninangokamba kuti, "Ba nasi, woyamba tinamuika m'manda ine na imwe tiyembekeza. Uyu muuzeni mweka kuti ayembekeze riboni."

Ananiyangana, anayangana Tisa. Anapisa dzanja mu thumba, anatsegula. Pulasitiki ya pa bedi ninang'amba na mano.

Abale, mwana analira! Analira mpaka a ku chigayo anamva. Akulu-akulu mpaka lelo sanabwere, kaya nsapato zawo ziopa fumbi yathu. Koma riboni inadulidwa kale. Riboni yoyamba kudulidwa mu wodi muja ni mchombo wa mdzukulu wanga.

Niyamika Mulungu. Niyamika azimai a mabaketi, na ba nasi, muziwapempherera nchito yawo isathe. Tisa, imirira, munyamule m'mwamba amuone. Azimai, nthungululu zili kuti? Kondwerani na ine!