Aphunzitsi a Chipinda Chakuseri

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, oyamba m'banja la ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo wotsiriza kubadwa. Abale andituma kuti ndiwerenge mbiri ya achemwali anga, ndipo mundikhululukire mawu akandithera panjira.

Anayamba sukulu mu 1968 ndipo anamaliza sekondale mu 1980. Kunyumba tinkawaopa kuposa bambo athu, chifukwa masamu akakukanika sunkadzuka patebulo mpaka utawapeza. Atachoka ku koleji ya zauphunzitsi, mu Seputembala 1983 anayamba ntchito pasukulu ya pulayimale imene agwirapo moyo wawo wonse.

Pa 14 Juni 1986 anakwatiwa ndi alamu athu, omwe anali dalaivala wa basi, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Alamuwo anatsogola mu 2014.

Mu 1989 m'kalasi mwawo munali mnyamata amene ankakhala kumbuyo kwenikweni. Aphunzitsi ena ankati ndi wamwano, kwawo ankati ndi chitsiru, moti tsiku silinkapita osalawa chikoti. Tsiku lina mphepo inamenyetsa zenera, galasi n'kusweka. Ana onse anadzidzimuka n'kukuwa, koma iye anangopitiriza kusongola pensulo yake. Malemu anafika kunyumba atagwira mutu, akudandaula kuti mwana uja wakhala akumenyedwa chifukwa cha mawu amene sanawamvepo chibadwire. Mnyamatayo ndi a telala amene akhala kutsogoloku atavala jekete lakuda.

Kuyambira pamenepo achemwali anga sanakhalenso pansi. Tchuthi chilichonse ankapita kukaphunzira chinenero chamanja. Anapempha kachipinda kakuseri kwa ofesi, momwe munkasungidwa madesiki othyoka ndi matsache. Anasesamo okha, anapaka penti, n'kuika mabenchi mozungulira kuti mwana aliyense aziona manja a mnzake. Kenako anayenda khomo ndi khomo kufunafuna ana osamva amene makolo ankawabisa m'nyumba. Kwina anawatukwana, kwina anawatsekera chitseko pamphuno. Koma inu mukuwadziwa mayiwa: akati apita, apita basi.

Ana ena ankafika m'chipindamo ali aakulu kale, osadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina. Malemu ankayamba ndi dzinalo, kenako njala, ludzu, kupweteka, ndi kukana chinthu ukapanda kuchifuna. Mwana akadwala, mayi ake omubala ankathamangira kwa aphunzitsi kuti akamufunse pamene pakuwawa. Mtsikana akavutitsidwa panjira, ankauza aphunzitsi, poti kunalibe wina womuuza. Alamu ankakonda kuseka kuti akazi a anzawo amakalipa ndi pakamwa pokha, koma awo amakalipa ndi manja omwe, moti ngakhale uwoloke msewu sungawathawe.

Chimene chinkawadya mumtima chinali chimodzi. Pasukulu ponse, ngakhale kubanja kwathu kuno, munthu wakumva ndi makutu n'kumalankhulanso ndi manja anali iwo okha. Mu 2016 anaphunzitsa mphunzitsi wina wachitsikana kuti adzawalowe m'malo. Atangoti wayamba kudziwa, akuluakulu a zamaphunziro anamusamutsira kusukulu ina yakutali. Anayambanso ndi wina, ameneyo anapeza ntchito kwina n'kutsanzika. Mu 2021 nthawi yawo yopuma inakwana, koma m'mawa uliwonse ankanyamulabe chikwama. Ana awo akawaletsa, ankawafunsa kuti iwo akakhala pakhomo, ana aja alankhula ndi khoma kodi.

Pa 3 Febuluwale chaka chino anagwa m'kalasi, choko chili m'manja. Anawo sakanatha kuitana munthu ndi mawu, choncho anathamanga kukakoka aphunzitsi ena malaya. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, mawunso anatha. Chinatsala ndi dzanja lamanzere, ndipo linkalankhula usana wonse. Ife tinkangozungulira bedi ngati zitsiru, kuwapatsa madzi pamene akufunsa zina, kuwafunditsa pamene akukana. Abale anga, palibe chowawa ngati kuona mchemwali wako akukulankhula iwe osamva kanthu! Tinaitana a telala. Anatseka shopu yawo n'kumadzakhala pambali pa bedi, kumatilembera papepala zimene malemu akunena. Za ululu wawo sankanena zambiri ayi. Funso linali lomwelo tsiku ndi tsiku: ana aja ali ndi ndani.

A telala anapita okha kusukulu kukapempha kuti aziwaphunzitsa anawo mpaka kutapezeka wina. Anawayankha kuti alibe satifiketi ya uphunzitsi. Tangoganizani, munthu woti chinenerocho ndi chake! Mwezi wa Malichi usanathe, makolo anauzidwa kuti ana azikhala kaye kunyumba. Mabenchi anatulutsidwa, pachitseko n'kuikapo loko.

Tinagwirizana kuti odwala asauzidwe. Koma pa 20 Epulo malemu anafunsanso, atawayang'ana a telala m'maso. A telala sakanatha kunamiza aphunzitsi awo, ndipo kunena zoona kunawakanikanso. Anangolowetsa manja m'thumba n'kuyang'ana pansi. Malemu anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Dzanja lija silinadzukenso kuti lilankhule. Chakudya anayamba kukana, ndipo pa 2 Meyi anatisiya.

Malemu asiya ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, adzukulu asanu, ang'ono awo awiri ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anayesetsa mbali yawo, anansi amene ankatinyamulira chakudya kuchipatala, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. A telala tikuwathokoza koposa, ngakhale kuthokozako ndichita kuwalembera tikachoka pano.

Asiyanso ana asanu ndi anayi a m'chipinda chakuseri, amene mukuwaona pabenchi yoyambayi atavala yunifolomu, ngakhale sukulu kulibe. Wamng'ono kwambiriyo analowa m'kalasi mu Januwale, ndipo anali atangophunzira dzina lake. Mawa onsewa abwerera kunyumba kumene kulibe amene angawafunse pamene pakuwawa. Ndilibe mawu owalimbikitsa, ndipo ngakhale ndikanakhala nawo sakanawafika. Chiyambire kuwerenga akhala akundiyang'ana pakamwa, koma pa zonse ndanenazi sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Munthu amene akanaima pambali panga n'kumawauza ndi manja ndi amene wagona m'bokosimu.

Pitani, achemwali, mwatopa. Mzimu wanu ukause mumtendere umene kuno simunaupeze.