Mpendero wa Buluku la ba Fanwell

Masana ena mu 1997, pa siteji ya mabasi a ku Simonga, mayi wina anafungata buluku lochokera kwa telala. Pambali pake panakhala bambo wa imvi, zala zili mbuu ndi choko.

"Buluku labwino, ba mayi," anatero bamboyo.

"Ni la amuna anga, ba Fanwell. Khansa yabaondetsa, manje likhwekhwereza pansi, mpendero unyenyeka. Telala akuti popinda pasila, palibe potsala."

"Na thupi lili na mpendero. Ine niphunzitsa sayansi. Tizidutswa twa thupi, maselo, tikamagawikana timakopera ulusi wa m'kati mwake. Koma sitikopera mpaka kunsonga, kang'ono kamatsalira. Ndiye kunsongako kuli mpendero wotetezera, dzina lake telomiya. Umafupika pang'onopang'ono. Ukasila, selo ileka kugawikana, munthu akalamba."

"Ndiye wa ba Fanwell wasila msanga?"

Mphunzitsiyo anayang'ana pansi. "Iyayi. Wa chotupa ndiye susila. Maselo a khansa amadzisokera mpendero wina, amangochuluka osaleka."

"Mukamba kuti chamene chibapha ni chamene chakana kufa?"

"Ni mwamene ninawerengera, ba mayi."

Mayiyo anapinda bulukulo mofatsa, nasisita mpendero wake ndi chala.

"Miyezi yonse iyi nigwada, nipempha Mulungu kuti aike moyo m'thupi mwao," anatero chapansipansi. "Sininakambe kuti mbali iti."