Ndime Yachiwiri Imene Ndinaiwala

Amene anandibweretsera uthenga ndi Mayi Chisale, Amalawi anzathu oyandikana nawo ku South B, mumzinda wa Nairobi. Anandipeza masana, botolo la mowa lili patebulo. Anati, "Amake Tamanda, valani nsapato. Bambo agwa ku ofesi."

Abale anga mwa Ambuye, ndinene zoona. Masiku amenewo ndinali wotayika. Amuna anga atapeza ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina ku Nairobi, ine wa Sitandade 6 ndinkachita manyazi pakati pa azimayi ophunzira. Ndinayamba mowa kuti pakamwa pazimasuka. Kutchalitchi ndinasiya. Bambo akati tipemphere, ndinkayankha kuti, "Zakumudzi zimenezo." Ankagwada okha ndi ana.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa. Chingerezi ndi Chiswahili zinawathawa, kunangotsala Chichewa, nachonso chotuluka movutikira.

Pachipatalapo panali kawailesi ka odwala okhaokha. Lachitatu lililonse anthu odzipereka ankayenda bedi ndi bedi, kulemba pa timapepala nyimbo imene wodwala akufuna. Loweruka masana ankaziulutsa pa masipika a m'mawodi. Kwa ife kunabwera mayi wina wa ku Kenya komweko, dzina lake Wanjiru. Bambo anayesa kutchula nyimbo, iye osamva. Ndiye anayamba kuiimba chapansipansi. Ine ndinaizindikira. Inali ya kutchalitchi kwathu ku Dedza, imene anatiimbira pa ukwati wathu.

Wanjiru anati mbale za nyimbo za ku Malawi alibe. "Koma tepi ili m'chikwamamu. Mama, imbani inuyo, ndijambule."

Ndinakana, ndinati pakhosi pandiuma. Zoona zake m'kamwa munkanunkha mowa umene ndinamwa ndisanakwere minibasi, imene kumeneko amati matatu, ndipo mawu a nyimboyo ndinali nditawataya kalekale. Bambo anandikoka chitenje ndi dzanja lamanzere.

"Anambewe, imbani."

Wanjiru anaika maikolofoni papilo pawo. Ndime yoyamba ndinaiimba. Pa yachiwiri ndinaima. Tepi ikungozungulira, ine nkhope ndatembenuzira kukhoma ndi manyazi. Kenako ndinalumphira kukolasi kuti zithe msanga. Wanjiru anangoti, "Asante, mama," n'kupita pa bedi lina.

Bambo anamwalira Lachisanu m'mawa. Nyimbo yawo sanaimve.

Loweruka ndinapita kukatenga zovala zawo. Pabedi paja anali atagonekapo kale munthu wina. Ndikupinda malaya, sipika inatchula dzina lawo ndi kuwafunira kuti achire msanga. A kuwailesi panalibe amene anawauza. Ndinamva mawu anga omwe, osasa. Ndipo m'tepimo, pamene ndinalekezera kuimba paja, ndinamva chimene sindinachimve tsiku lija. Bambo ankanditchulira mawu a ndime yachiwiri, limodzilimodzi, ndi lilime lolemera lija. Munthu akufa, koma akuthandiza ine. Ine nkhope ili kukhoma.

Ndinagwada pasimenti pakati pa mabedi a anthu osawadziwa. Ndinati, "Ambuye, zaka zonsezi mwakhala mukundinong'oneza chonchi, ine nditakufulatirani. Ndikhululukireni." Anesi anabwera kudzandidzutsa, akundipepesa m'Chiswahili kuti pole, pole. Sankadziwa kuti sindikulira maliro okha.

Kuyambira tsiku limenelo mowa sindinalawenso. Wanjiru atamva, anandifunafuna n'kundipatsa tepiyo, ndipo ndinapita nayo ku Dedza pamodzi ndi bokosi. Ndime yachiwiri ndinaiphunzira kwa amuna anga atagona kale m'manda. Lero ndimaiimba yonse ku chigwirizano cha amayi. Yesu atamandike, anandidikira.

Inu amene muli ndi wina kunyumba wokuitanirani kupemphero, musamufulatire monga ndinachitira ine. Yankhani akadali ndi makutu okumvani.

Sikuti zonse zinakoma. Tamanda, mwana wanga wachisamba, anakula akuona botolo patebulo paja, ndipo lero ali nalo lake. Tepi ya bambo ake amakana kuimvera. Chonde mukamagwada, mutikumbukire ife a banja lino, makamaka iyeyo.