Mathithi Amene Sindinawaone

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Zingalume kuno ku Chadiza. Ndinapita ku Kasama kukauza mwana wanga wamkazi kuti kuchipatala andipeza ndi matenda a mtima. Ndisanapeze poyambira, iye ndi mwamuna wake ananditenga kukaona mathithi, akuti kanjira kake ngakhale ana amayenda bwinobwino. Tili pakati, mpweya unandithera, ndipo ndinakhala pamwala.

"Amama, inu amene mumafika ku boma wapansi, kamtunda aka kakugonjetseni?" anatero mwanayo akuseka.

Ndinamuuza pomwepo. Anakhala pafumbi atagwira mapazi anga. Mathithiwo tinangowamvera chapatali n'kubwerera.

Makolo anzanga, nkhani yolemera musamaidikirire tsiku labwino. Ine ndinaisenza ndekha miyezi itatu, ndipo ndatopa.