Kernel inanikana, vidiyo ya ba Tembo ili mkati

Anzanga, shani? Khalani pansi mumvele, ndaba sabata yatha ninatsala pang'ono kufa na manyazi.

Ba Tembo, madala ba ku chalichi kwathu ku Kabwata, banali na vidiyo imodzi chabe ya malemu akazi bao, ija baimba pa kitchen party. Failo inaonongeka. Banafuna kuionetsa pa Chiwelu, tsiku loika mwala pa manda. Ine na kamwa kanga ninati, "Madala, musade nkhawa, izi niziziwa." Kuziwa kwake kwa pa foni!

Pulogilamu yokonza inayenda masiku atatu pa laputopu yanga. Pa Chisanu m'mawa malaiti anapita, batili ikutha. Ninaiimika pamene inafika, n'kuisunga yonse monga munthu wagona, kuti nikaiutse pa makina ena. Ninakwela basi mpaka ku Northmead, ku ka ofesi kamene kali na sola, kumene ninapatsidwa kachipinda kanga pa seva, kompyuta ikulu yamene tigawana anthu ambili, kachipinda kaja bamati namespace.

Kuiutsa, yakana. Kuyesanso, yakana. Mkati mwa kachipinda kaja ine nine root, mwini zonse, manje nikanizidwa bwanji? Kuyambilanso ni masiku ena atatu, mwala ni mailo. Ba Tembo banatuma foni kawili, sininayankhe. Ninangena mu toileti, ninalila zoona, ninati, "Ambuye, ninanama kuti niziwa. Musalange madala aja chifukwa cha ine."

Potuluka ninakumana na ba Chanda, amai bamene bayang'anila ma seva paja. Sibaseka na munthu.

"Iwe, maso yafiila chani?"

"Ba Chanda, nipempha root ya makina yonse. Ola imodzi chabe."

"Awe. Olo ugwade."

Koma banakoka mpando n'kuona pa sikilini.

"Uli root mu chipinda chako chabe, mwana iwe. Pulogilamu yako ifuna manambala yake yakale ya pa laputopu kuti iuke, ndipo kernel yakale iyi, mtima wa makina yonse, siilola lendi monga iwe kusankha manambala. Bwela kuno."

Bananisamutsila pa makina ena ya kernel yatsopano, n'kunipatsa chilolezo chimodzi chabe, cha kuutsa pulogilamu mkati mwa kachipinda kanga. Ninadinda batani. Inauka! Inapitiliza pamene inalekela! Ninakuwa "Yesu!" mpaka ba malonda ba pa geti banabwela kuona. Pofika usiku vidiyo inali yakonzeka.

Pa Chiwelu malemu akazi ba ba Tembo banaimba mu vidiyo pa chipupa, ba Tembo bagwila pakamwa, misozi mbwe. Mulungu ni wabwino, anzanga. Ninapempha makiyi ya nyumba yonse, ananipatsa imodzi yamene inali kufunika. Ngati chinthu chakukanani lelo, musaleke kupemphela, ndipo musabise vuto.

Manje nkhani ni iyi. Ba Tembo bauza chalichi chonse ati nine katswili, ati sininavutike olo pang'ono. Ba Chanda sibaziwika. Pa Sondo bafuna niimilile kutsogolo banipemphelele. Imwe mukanakhala ine, mukanakamba zonse pa maiki, olo mukanangoti ameni?