Mawu a Amake Mada Anatsekeredwa mu Laputopu

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, inu amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, ndi inunso amene mwangodutsa. Ndine uja wogulitsa mabuku akale pakhonde m'tauni, amene amawerenga katundu wake mpaka kuiwala kuitanira makasitomala. Lero ndabwera ndi umboni. Ena museka mukamva kuti ndi wa laputopu, ndipo sekani ndithu, nanenso ndikanaseka. Koma laputopu imeneyo itakana kudzuka, m'nyumba mwathu ku Kabwata munangoti zii, ndipo ine ndinasowa pogwira.

Amake Mada, akazi anga, anadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, mawu n'kupita. Amene mumawadziwa mukukumbuka kuti ndiwo ankayambitsa nyimbo pakati pa amayi a kutchalitchi kwathu, pamaliro ndi paukwati pomwe. Munthu amene ankandidzutsa ndi nyimbo n'kundikalipira ndi liwu lomwelo, tsopano akafuna madzi ankangoloza kapu.

Mwana wathu Mada amagwira ntchito ku Solwezi. Anatisiyira laputopu yake yakale, ndipo m'menemo anaikamo nyimbo zonse zimene mayi ake anajambulidwa akuimba zaka za m'mbuyomo. Foni imene tinajambulira inafa kalekale, ndiye liwu limenelo silinali kwina kulikonse padziko pano. Kuchipatala anatiuza kuti odwala otere nthawi zina nyimbo imatuluka pamene mawu wamba akukana. Choncho magetsi akangobwera ndinkayatsa laputopu ija pampando pafupi ndi bedi. Amake Mada ankamvetsera liwu lawo lomwe, n'kumalitsatira chapansipansi kukamwa kuli kotseka. Patapita nthawi milomo inayamba kuyenda. Akatha kumvera m'pamene ankalola phala, m'pamenenso ankalola kuti alamu anga a Tisa, ang'ono awo amene amatithandiza masana, awawongole dzanja.

Batire lalikulu la laputopuyo linali litatupa ndipo Mada analichotsa, ndiye inkayaka pokhapokha ili pamagetsi. Mukukumbuka mmene magetsi anavutira chaka chija cha chilala. Nthawi zina inkakhala masiku osalawako moto.

M'mawa wina magetsi atabwera ndinadina batani monga mwa masiku onse. Fani inalira, sikirini inawala, koma panangobwera kamzere ka Chingerezi pamdima, konena kuti makinawo sakupeza poyambira. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Kamzere komweko. Ndinaipukuta fumbi, ndinaiuzira mpweya, ndinaisisita ngati mwana wodwala. Kamzere komweko.

Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ndawerenga buku la ulimi wa njuchi, la malamulo a malo, ngakhale la kasamalidwe ka ngamila, nyama imene sindinaionepo. Ndiye ndinadziuza kuti kabokosi aka sikangandigonjetse. Ndinafufuza pafoni mpaka ndinadziwa kuti muli kachipinda kena kamene amati bayosi, momwe makina amasungamo malangizo a kadzukidwe kake. Ndinalowamo pojompha batani lina mobwerezabwereza ngati nkhuku pachimanga. Mahadi onse awiri, mosungira zinthu muja, mayina awo ankaoneka bwinobwino. Ndinaiuza kuti iyambire pa yoyamba, inakana. Ndinaiuza kuti iyambire pa yachiwiri, inakananso. Ndinaona kuti tsiku ndi lolakwika, likuonetsa chaka chimene Mada anali asanamere ndevu, ndipo ndinalikonza poganiza kuti mwina ndi ulemu umene ikufuna. M'mawa mwake tsiku lija linali litabwerera kumbuyo komwe kuja.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti zinthu zinali momwemo. Mayina a mahadi ndikuwaona ndi maso angawa, akazi anga akuimba kuseri kwa chitseko, ine ndilibe kiyi.

Amake Mada ankandiyang'ana ndikulimbana nayo, kenako n'kuyang'ana kudenga. Ndinayesa kuwaimbira ndekha. Abale, liwu langa ndi lija kukwaya amaliuza kuti inu muzingowomba m'manja. Amake Mada anatembenukira kukhoma. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba, koma mayi wina atayambitsa nyimbo pamalo pamene iwo ankayambitsa, misozi inangotsika mpaka amayiwo anasiyira pakati. Phala anayamba kulikankha. Dzanja ankalibisa m'bulangete. Milomo ija inasiya kuyenda. A Tisa anandiitanira kukhitchini n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, achemwali akubwerera m'mbuyo. Chitanipo kanthu." Ndinavomera ndi mutu ngati munthu wodziwa chochita, koma ndinalibe.

Mada ndikamuimbira foni inkadukaduka, poti kumene amagwirako netiweki ndi yovuta. Chimene ndinamva n'chakuti, "Adadi, ipelekeni chabe mu tauni."

Lachisanu ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo kwa okonza makompyuta kufupi ndi City Market. Woyamba anaiyatsa, anaona kamzere kaja, osadikira n'komwe kuti ndimalize kufotokoza.

"Ba mudala, iyi ni yofomata chabe. Tifuta vonse, tifakamo vatsopano, muyenda nayo lelo."

"Nanga nyimbo zili m'katimo?"

"Ah, izo zizayenda. Si muzapeza zinangu pa intaneti?"

Sindikumunena mnzathuyo. Ndi mmene amagwirira ntchito kumeneko: anthu ambiri amangofuna makina ayake msanga, za m'kati alibe nazo ntchito. Wachiwiri ananenanso chimodzimodzi. Wachitatu anandimvera chisoni, anati ndiisiye ayese kukopera nyimbozo kaye, koma chipangizo chokopera anali atabwereketsa mnzake. Ndinayang'ana mulu wa malaputopu pashelefu pake, opanda ngakhale dzina la mwini, antchito akusinthanasinthana pabenchi, aliyense dzanja lake lozolowera kufufuta. Ndinaona m'maganizo wina akuitola yangayi ine kulibe, n'kuichita zimene amachita ndi zonse. Ndinaikulunganso m'chitenje.

Ndinayamba kubwerera wapansi kudzera ku Kamwala. Dzuwa linali litakwera, anthu akukankhana ndi mabelo ndi mawilibala, ndipo miyendo inandithera. Ndinakhala pansi pakhonde la sitolo ina ya nsalu, laputopu pamiyendo. Kunyumba ndinkaopa kufika, poti ndinkadziwa kuti ndikangotsegula chitseko maso a amake Mada ayamba kuyang'ana chitenjecho asanayang'ane ine. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, Ambuye, liwu limodzi linapita kale, ili lotsalali mundisiyireko.

Pafupi nane panali katebulo ka galasi ka wokonza mawotchi, bambo wachikulire wa kofia yoyera. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi Che Yusufu, ndipo makolo awo anachokera ku Malawi. Sitinkadziwana. Anatseka kabokosi ka zida n'kundiyang'ana.

"Achimwene, poti mwakhala kale pamenepo, mundionereko tebuloli. Ndikupita kumzikiti. Wina akabwera mumuuze adikire."

Anapita osadikira yankho. Ndinatsala ndikulondera mawotchi a eni, munthu wolephera kulondera za m'nyumba mwake. Atabwerako anandithokoza, n'kufunsa chimene ndafukata ngati khanda. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinawauza zonse, za sitiroko, za phala, za mahadi awiri, mpaka za tsiku lobwerera m'mbuyo lija, limene ndinangolitchula podandaula kuti makinawa apenga.

"Ine za makompyuta sindidziwa ngakhale pang'ono," anatero Che Yusufu. "Koma mwati mukakonza tsiku, m'mawa labwerera? Wotchi ikamatero ndi batire."

"Batire tinachotsa kalekale."

"Nanga ikakhala yozima, nthawi imasunga ndi chiyani? Muli kena m'katimo."

Apo ndinakumbuka kuti pofufuza paja ndinaonapo za kabatire kakang'ono, koma ndinadumpha, poti katswiri ine ndinali nditagamula kale kuti vuto ndi mahadi.

Tinagwirizana kuitsegula, tonse awiri tili ndi mantha. Iwo ankamasula ndi timasikuludiraiva tawo ta mawotchi, ine ntchito yanga inali yosunga timasikulu m'chitsekerero cha botolo. Pakona pena tinakapeza, kabatire kozungulira kaphwatalala. Che Yusufu anaseka n'kunena kuti totere amagulitsa tsiku ndi tsiku kwa a masikelo ndi a makiyi a galimoto. Anakayeza, kanali kakufa. Anaikamo katsopano, tinatseka, ndipo mwini sitolo ya nsalu anatilola kulumikiza chaja pasoketi yake.

Ndinadina batani. Kamzere komwe kaja.

Abale, apa ndiye ndinafooka kuposa poyamba. Chiyembekezo chikabwera n'kuchokanso chimapweteka kwambiri. Ndinayamba kupinda chitenje kuti ndizipita. Koma Che Yusufu anandigwira mkono.

"Dikirani. Wotchi ukaika batire latsopano siidziwa yokha nthawi, umachita kuiuza. Iyi inaiwala tsiku. China chimene inaiwala n'chiyani? Anaiphunzitsa ndani poyamba?"

Ndinaimbira Mada, ndipo ulendo uno foni inagwira bwino ngati ali kuseri kwa sitolo. Ndinamufunsa ngati pali chimene anasinthapo mu bayosi muja pamene ankaikonza. Pomwepo anakuwa.

"Aa, adadi! Iyo laputopu iyambila njila yakudala. Ninachinja neka. Ngati yaibala, ifuna njila yatsopano, ndiye chifukwa siipeza kanthu!"

Zoonadi makinawa ali ndi njira ziwiri zodzukira, yakale ndi yatsopano. Mahadi athu anakonzedwa mwa njira yakale, koma kabatire katafa laputopu inabwerera ku malangizo a kufakitale, n'kumagogoda pakhomo lolakwika. Mada ananditsogolera pafoni mpaka ndinapeza mzerewo, pa tsamba limene ndinkalidutsa tsiku lililonse osalimvetsa. Ndinasintha, ndinasunga, laputopu inazima yokha n'kuyakanso. Sikirini inada kwa kanthawi. Kenako panabwera chithunzi chija cha masiku onse, Mada ndi mayi ake ataima pakhomo la tchalitchi.

Ndinatsegula nyimbo imodzi kuti nditsimikize. Liwu la amake Mada linatuluka pakati pa phokoso la Kamwala, ndipo amayi awiri amene ankasankha nsalu anatembenuka. Ine ndinalira poyera, bambo wa imvi, osachita manyazi.

"Awa ndi akazi anu?" anafunsa Che Yusufu. "Mulungu ndi wamkulu. Nanga mukuchedweranji pano? Thamangani nayoni."

Ndinafika kunyumba magetsi kulibe. Magetsiwo anabwera m'mawa mwake, ndipo ndinaika laputopu pampando paja osalonjeza kanthu. Nyimbo itayamba amake Mada sanatembenuke. Anakhalabe choyang'ana kukhoma mpaka ndime yoyamba inatha. Kenako ndinaona zala za dzanja lamanzere zikugunda pabulangete motsatira nyimbo. Anatembenuka pang'onopang'ono, anandiyang'ana, milomo ikulimbana, ndipo panatuluka mawu amodzi, olemera koma omveka:

"Kwezani."

A Tisa anagwetsa supuni kukhitchini. Chiyambire matenda aja, amenewo anali mawu oyamba kutuluka opanda nyimbo kuwakoka. Ndinakweza mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kuli mapemphero.

Sindikukuuzani kuti achira. Dzanja likadali lolemera, mawu amabwera amodziamodzi, ndipo masiku ena sabwera n'komwe. Koma akudya, akulola kuwongoledwa, ndipo nyimbo zija tsopano tinazikopera pa fulashi ndi pafoni ya Mada. Ndikuthokoza Mulungu amene anandithera mphamvu za miyendo pakhonde loyenera. Ine ndinkayembekeza kuti thandizo lichokera kwa odziwa makompyuta, kapena m'mutu mwangamu, koma Iye analiika pa tebulo la munthu wa chipembedzo china amene anandikhulupirira ndi mawotchi ake asanandidziwe dzina. Che Yusufu, ngati wina angakuwerengereni izi, Mulungu akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu.

Ndipo inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, amene mwayesa zonse zimene mukudziwa mpaka mwangokhala pansi pakhonde la eni, musafulumire kuvomera kuti zonse zifufutidwe. Pempherani ngakhale pemphero losakongola, ndipo wina akakufunsani chimene mwafukata, muuzeni. Mutikumbukirenso ife ku Kabwata kuno. Amake Mada akuphunzira mawu ena, ndipo mmene ndikuonera milomo yawo, otsatirawo akhala ondikalipira. Ndikuwadikira ndi mtima wonse.