Kompyuta itavomera "tonse" pa ukwati wa Misozi

Masiku aja intaneti isanalowe m'thumba la aliyense, ine ndinali nditatopa ndi Chipata, Kitwe nakonso kutandikana, ndipo ndinafikira kwa mlongo wanga kuno ku Kabwata ndi chikwama chimodzi ndi buku lothothoka chikuto lophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Chilankhulo chimene ndinadziphunzitsa chinali chouma mtima, ana inu. Kabokosi kalikonse kosungira zinthu unkayamba wanena kuti muno mulowa nambala kapena mawu, ndipo ukasakaniza chinkakana kuyenda, ngati mlonda wa ku Kabulonga amene satsegula geti ngakhale wavala tayi. Koma zilankhulo izi mumakonda inu zili ndi mtima wa kondakitala wa minibasi: munthu, thumba la makala, nkhuku, zonse akweza, zokangana mukaonera kutsogolo.

Mlamu wanga Ba Sakala, munthu wa muofesi, ankazikonda zatsopanozi, ndipo mwana wake Misozi atapeza banja ananena kuti iye sazungulira Lusaka kuwerenga alendo ngati wakalembera. Analemba pulogalamu madzulo amodzi: woitanidwa ayankhe pa foni kuti abwera angati, kompyuta iwonkhetse, kenako iuze mayi wophika ndi wobwereketsa mipando. Ine ndinaombera m'manja, chifukwa chilankhulo changa chija chikanatidyera sabata yathunthu.

Anthu anayankha bwino, uyu awiri, uyu atatu, mpaka inafika nthawi ya azakhali ake a Misozi a ku Chelstone. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu wamkulu sawerenga ana ake ngati mbuzi. Iwo analemba kuti "tonse".

Tsono mverani. Kompyuta inali ndi nambala m'manja, yalandira mawu, koma m'malo mokana inangomata ziwirizo pamodzi, ndipo aliyense woyankha pambuyo pake ankangolumikizidwa kumchira ngati mabogi a sitima, osawonkhetsedwa. Potumiza kwa wophika inawerenga nambala ya kutsogolo ija, mchira wonse n'kuutaya, osadandaula ngakhale pang'ono. Ndipo ndani anayankha mochedwa? Akuchimuna, anthu adongosolo, amene anayamba akhala pansi monga banja kuti apereke nambala yoona.

Loweruka ku holo ya ku Woodlands, azakhali anatsika ndi minibasi yodzaza, mipando yonse n'kutha. Kenako asewere a mlamu wanga, Ba Phiri, bambo wa mkwati, analowa ndi mtundu wawo wonse, masuti ositidwa, n'kuima pakhomo. Anayang'ana uku ndi uku, napereka moni mwaulemu woopsa.

"Ba Sakala, muli shani? Kapena tasoba, tabwela pa ukwati wa bena?"

Mlamu wanga anatsegula foni, kuitseka, kuitsegulanso. Mlongo wanga anamunong'oneza kuti, "Atate ake Misozi, uzani kompyuta yanu ibweletse mipando." Azakhali okha ndiwo sanatekeseke, akuti iwo ananena zoona, ndipo onani, abweradi onse.

Ulemu wa banja tinauwombola ndi misana. Amuna akuchikazi tinavula majekete kukanyamula mabenchi ku tchalitchi chapafupi, amayi anadula nthuli iliyonse ya nkhuku pawiri, ndipo bambo wa mkwatibwi anadya kabichi ataimirira pafupi ndi zokuzira mawu. Ukwati unatheka, ana a Misozi ndi awa mumasewera nawo mpira. Koma mpaka lero Ba Phiri akafuna kudzacheza amayamba aimba foni kuti, "Asebele, tibwela babili. Nibwelezepo? Babili."

Ine sindikuti tayani zilankhulo zanu zofewazo, zimathamanga, ndipo nanenso maondo a ubongo anatopa. Koma pamene pakulowa yankho la munthu, ikanipo kamzere kofunsa ngati ilidi nambala. Kuli bwino kompyuta ikukanize Lachiwiri uli wekha pa desiki, kusiyana n'kuti ikuvomere mpaka Loweruka, asewere ataima pakhomo.